Kamfuti ka agogo: zipolopolo kulibe, wokonza kulibe, koma mlandu ulipo

Pali mafunso awiri amene amayendera limodzi m'nyumba mukapezeka mfuti yakale. Loyamba, kodi zipolopolo zake zingapezeke kuti? Lachiwiri, alipo amene angaikonze? Mafunso amenewa safunsidwa mokweza. Amafunsidwa chamunsimunsi, kuseri kwa golosale, munthu akuyang'ana uku ndi uku, ndipo nthawi zonse mfutiyo imakhala "ya mnzanga wina". Nkhani yake kawirikawiri imayambira pamaliro. Gogo watisiya, abale atsekula thiranki lachitsulo kuti agawane zovala, pansi pa jekete yakale apeza kanthu kolemera kokulungidwa m'nsanza ya oyilo. Akuluakulu amabweza msangamsanga n'kutseka. Koma mdzukulu mmodzi waona, ndipo usiku umenewo sagona.

Ndikuyankhiretu, aise, usavutike kuwerenga mpaka pansi ngati ukufuna nambala ya munthu. Zipolopolo zake simuzipeza m'njira yolongosoka, mmisiri woidziwa kuno kulibe, ndipo chimene chatsala chamoyo pa kachitsulo kameneko ndi mlandu basi. Funso lofunika ndi lachitatu, limene sindikumva anthu akufunsa: ndingakaipereke kuti, ndipo ndikakaipereka andimanga kapena ayi? Pamenepo ndiye pagona nkhani, ndipo pamenepo ndi pomwe akuluakulu athu agona tulo.

Tiyambe ndi chinthucho. Mfuti ndikunenayi si AK-47, si gogodela ya osaka nyama ija. Ndi kamfuti kam'manja kotchedwa revolver, kaja mumakaona m'mafilimu akale. Pakati pake pali kamgolo kozungulira kokhala ndi zibowo, nthawi zambiri zisanu ndi chimodzi, chibowo chilichonse chipolopolo chake. Mitundu yomwe amati double-action ndi yoti ukakoka kokhethemulira kamodzi, chala chako chimagwira ntchito zitatu pakamodzi: kuzunguliza kamgolo, kukokera kahamala kumbuyo, n'kukamasula kuti kamenye chipolopolo. Zimamveka zophweka, koma mkati mwake muli ngati mwa wotchi yamanja. Timasipuling'i, timano, tizitsulo tokankhana, zonse ziyenera kukumana pa nthawi yake. Sungani mfundo imeneyo, tiifuna kutsogoloku.

M'maiko omwe analamulidwa ndi Angerezi, revolver yakale ikapezeka nthawi zambiri imakhala Webley kapena Enfield. Mumaidziwa chifukwa imathyoka pakati ngati mpeni wopinda, kamgolo n'kuonekera kumbuyo. Webley inkapangidwa mumzinda wa Birmingham. Yotchuka kwambiri, Mark VI, inalowa m'manja mwa asilikali a Britain mu 1915, nkhondo yoyamba ili mkati, ndipo inkadya zipolopolo zikuluzikulu za .455. Mu 1932 anabweretsa Enfield No. 2, yocheperako, ya .38, ndipo pa nkhondo yachiwiri inagwira ntchito limodzi ndi Webley Mark IV ya saizi yomweyo. Tawerengani nokha zaka. Kamfuti ka 1915 kadutsa zaka 100. Ka nkhondo yachiwiri kadutsa zaka 80. Agogo ambiri amene ankakasunga anali ana kamfutiko kakutuluka m'fakitale.

Nanga kanafika bwanji kuno? Apa ndiye pondisangalatsa ine, chifukwa mbiri ya tauni yathu ndi mbiri ya mfuti. Mchinji kale inkatchedwa Fort Manning, monga momwe Chipata inkatchedwira Fort Jameson. Mawu oti fort akutanthauza linga la asilikali. Mu January 1898 asilikali a atsamunda ochokera ku Nyasaland anakathira nkhondo Angoni a Mpezeni tsidya linali, mwana wake Nsingo n'kuphedwa, ndipo linga lathuli ndi la nyengo imeneyo. William Manning, mwini dzinalo, anadzakhala mkulu woyamba woyang'anira gulu la King's African Rifles, kenako bwanamkubwa wa Nyasaland kuyambira 1910 mpaka 1913. Gulu la KAR linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake oyamba awiri anali a kuno kwathu. Anyamata a m'midzi yathu anamenya nkhondo ndi Ajeremani kum'mawa kwa Africa, pambuyo pake anakafika ku Ethiopia, ku Madagascar, mpaka ku Burma. Mukapita ku Zomba chipilala chawo chilipo pafupi ndi Cobbe Barracks.

Koma tisanamizane. Msilikali wamba wachikuda ankanyamula mfuti yaitali ya .303. Revolver inali ya mabwana ovala nyota, ma DC, akuluakulu a polisi, ndi azungu a m'maesiteti a fodya. N'chifukwa chake nkhani za m'mabanja zimasiyana. Ena amati agogo anabwera nayo kuchokera kunkhondo. Ena amati anawasiyira ndi mzungu wa esiteti pobwerera kwawo, poti anali kapitawo kapena mlonda wokhulupirika. Ena sanena kanthu, ndipo pali chifukwa chake chomwe sanenera. Mulimonsemo, pepala lake simulipeza. Ngati linalipo linali m'dzina la munthu amene ali kumanda.

Izi musazisokoneze ndi mfuti zinabwera pambuyo pake. Nkhondo ya ku Mozambique itavuta m'ma 1980, anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo boma lathu lino, lomwe kum'mwera limagundana ndi Mozambique, linalandirako ena. Nkhondo inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, koma ma AK-47 sanasaine nawo panganolo, anangomwazikana m'chigawo chonse. Chaka chotsatira, mu December 1993, asilikali athu analanda zida a Malawi Young Pioneers pa Operation Bwezani, apayoniya ambiri n'kuthawira ku Mozambique komweko. Zida za nyengo imeneyo ndi zomwe zinasautsa anthu ndi umbava wa mfuti m'zaka zoyambirira za matipate. Revolver ya agogo ndi nkhalamba poyerekeza ndi zimenezo. Koma pamaso pa wapolisi wa pa rodibuloko, zonsezi dzina lake ndi limodzi.

Tsopano zipolopolo. Anthu ambiri amaganiza kuti chipolopolo ndi chipolopolo, bola chalowa m'chibowo. Ayi ndithu. Chili ngati simu khadi ndi memore khadi, zonse ndi tizinthu tating'ono tolowetsa m'foni koma sizilowana malo. Asilikali a Britain anasiya ma revolver amenewa kalekale, m'ma 1950 ndi 1960, n'kutenga pisitolo ya Browning ya 9mm. Kampani ya Webley nayo inasiya kupanga ma revolver amenewa zaka zoposa 40 zapitazo. Zipolopolo za .455 lero zimapangidwa pang'onopang'ono ndi makampani ochepa a kunja, zogulitsa kwa anthu osunga zinthu zakale ku Ulaya ndi ku America, pamtengo wowawa. Dziko lomwe likusowa ndalama zakunja zogulira mafuta a galimoto ndi feteleza, ndani angaitanitse zimenezo? Ndipo wogulitsa zida wovomerezeka aliyense funso lake loyamba ndi chiphaso cha mfutiyo. Iwe ulibe.

Za .38 ndiye pali msampha weniweni. Pali .38 ziwiri zodziwika, ndipo dzina lokha ndi lomwe likufanana. Ina ndi .38 S&W, yaifupi, yonenepako pang'ono, yofooka; banja limeneli ndi lomwe Webley ndi Enfield zinapangidwira. Ina ndi .38 Special, yaitali ndi yamphamvu, ya mfuti zina. Munthu wogula mumdima samva zonsezi. Amangomva kuti "sate eyiti", n'kupereka ndalama. Ku America zinachitikapo zofanana ndi zimenezi: ma Webley a .455 ambiri atagulitsidwa kumeneko nkhondo itatha, amalonda anawapala kumbuyo kwa kamgolo kuti azilowa zipolopolo za .45 zomwe zinali zosasowa. Mpaka lero akatswiri a kumeneko amachenjeza kuti zipolopolo zimenezo mphamvu yake imaposa yomwe chitsulo cha Webley chinapangidwira, ndipo zilipo zomwe zinang'ambika m'manja mwa eni ake. Amenewo ndi anthu okhala ndi mabuku, zoyezera ndi mashopu a mfuti pakona iliyonse. Nanga ife?

Wina anena kuti m'thirankimo munalinso zipolopolo zinayi kapena zisanu, zobiriwira ndi ukalamba. Zimenezo ndiye zoopsa kuposa mfutiyo. Wonga umakalamba. Chinyontho cha dzinja lililonse kuyambira nthawi ya Welensky chakhala chikulowamo. Chipolopolo chotere chimachita chimodzi mwa zinthu zitatu. Chikhoza kungokhala chete. Chikhoza kukhala chete kwa kamphindi, iwe n'kutembenuza mfuti kuti uone chavuta n'chiyani, ndiye chiphulike. Kapena chikhoza kulira mofooka, mutu wake n'kutsakamira pakati pa mpope osatuluka. Ukakhethemula kachiwiri, chachiwiricho chimakagunda chinzake mkatimo ndipo mpope umaphulika. Chipatala choti chikalumikize zala zoduka chili ku Kamuzu Central, makilomita oposa 100 kuchokera pa Boma, ndipo ukafika kumeneko adokotala asanamalize kukusoka apolisi afika kale kudzafunsa kuti bala la mfuti walitenga kuti.

Kukonza nako. Ndimawalemekeza amisiri athu. Pa Kamwendo, pa Kapiri, pa Mkanda pali anthu amene amadzutsa njinga yamoto yomwe mwini wake anailira kale maliro. Owotcherera athu amapanga ngolo, mawindo, zigayo za chiponde, kuchokera ku zitsulo zotola. Koma mukukumbuka za wotchi zija? Pa revolver, nthawi imene kahamala kakumenya, chibowo cha kamgolo chiyenera kukhala chitayang'anizana ndendende ndi mpope. Timano tozunguliza kamgolo tikadyeka, kamgolo kamaima chammbali pang'ono, pang'ono poti diso silingaone. Chipolopolo m'malo molowa mumpope chimamenya m'mphepete, zidutswa za mtovu n'kuthovokera m'mbali, kumene kwaima mnzako amene akujambula pafoni. Chachiwiri, mfuti yothyoka pakati moyo wake uli pa kachitsulo kotsekera pamwamba ndi pa hinji ya pansi. Zimenezo zikayamba kugwedera, palibe waya kapena nati ya njinga yomwe ingathandize. Chachitatu, moto wa wowotcherera umasintha kulimba kwa chitsulo. Pomwe pawotchereredwa pamaoneka bwino, popaka penti pamawala, koma chitsulo chozungulira pamenepo chafewa kapena chauma ngati galasi. Ndipo dzimbiri la mkati mwa mpope silichoka ndi sandipepa ndi mafuta ophikira. Limadya chitsulo n'kusiya timaenje.

Kumaiko komwe mfuti zimenezi zimakonzedwa, mmisiri wake amaphunzira zaka, amakhala ndi chilolezo cha boma, ndipo zipangizo amachita kuchotsa pa mfuti ina yakufa chifukwa fakitale sikupanganso. Ku Britain mfuti ikakonzedwa mbali zofunika amakaiyesa kaye ku nyumba yoyesera mfuti, ina ili ku London ina ku Birmingham, komwe amaiwombetsa ndi chipolopolo champhamvu kuposa chanthawi zonse, munthu ali patali, kuti ngati n'kuphulika iphulikire komweko. Kuno woyesa ndi iwe mwini, ndi dzanja lomwe umalembera mayeso.

Wina amene amaonera kwambiri YouTube andiuza kuti kunja mfuti zakale sizifuna chiphaso. Zoona, pang'ono. Ku America boma lalikulu limaona mfuti zopangidwa chaka cha 1899 chisanafike ngati zinthu zakale chabe. Ku Britain nako kwa nthawi yaitali munthu ankatha kusunga revolver yakale ngati chokongoletsa m'nyumba, poganiza kuti zipolopolo zake zinatha padziko. Mukudziwa chinachitika? Mkulu wina wogulitsa mfuti wa ku Gloucestershire, Paul Edmunds, ankaitanitsa ma revolver akale n'kumawapangira zipolopolo kunyumba kwake, zida zimenezo n'kumakathera m'manja mwa zigawenga. Mu 2017 khoti linamupatsa zaka 30. Mu 2021 dziko la Britain linakhwimitsa lamulo, mitundu ingapo ya ma revolver akale n'kuibwezera m'gulu lofuna chiphaso. Eni ake opanga Webley anaona okha kuti mawu oti "ndi yakale" ndi khomo lomwe mbava zimalowera.

Kwathu kuno lamulo lake ndi Firearms Act, la 1967. Dziko linali ndi zaka zitatu zokha chilandirire ufulu. Mfundo yake ndi yosavuta kumva: mfuti ndi zipolopolo sizisungidwa popanda chilolezo, chilolezocho chimadzera ku polisi, chimakhala cha munthu mmodzi ndi mfuti yake, ndipo chimafuna kukonzanso chikatha. Si munda kapena njinga yoti mwana angolowa m'malo mwa bambo. Gogo akamwalira, chilolezo chake sichitsikira kwa mdzukulu ngati dzina la mfunda. Ndiye banja lomwe latseka thiranki lija n'kukhala chete, kuyambira tsiku limenelo likusunga mlandu pansi pa bedi, ngakhale palibe amene anaba kapena kuopseza munthu.

Tsono ndisakhale ngati sindikudziwa chifukwa chake mnyamata amalakalaka kamfutiko. Ndikudziwa. Kuyambira April mpaka July, soya, mtedza ndi chimanga zikamagulidwa, ndalama zimayenda m'zikwama m'boma lino. Mnyamata wa sikelo amakhala pamphambano ndi mamiliyoni a bwana wake m'kachikwama ka pamimba. Wa Airtel Money ndi Mpamba amatseka kabenchi kake mdima utagwa n'kuyenda wapansi. Wa kabaza wa njinga yamoto amanyamula munthu wosamudziwa usiku, osadziwa ngati abwerako ndi njingayo, kapena ngati abwerako n'komwe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 600,000 m'boma la Mchinji. Yerekezani ndi apolisi omwe mumawaona, ndi galimoto zomwe ali nazo, ndi mayankho aja oti mafuta palibe. Munthu akamaganiza zodziteteza yekha sikuti wapenga. Ine ndemwe, chisiyireni sukulu ya ukachenjede fizi itavuta, ndagwirapo ganyu ya sikelo nyengo imodzi, ndipo mantha ake ndikuwadziwa kukoma kwake.

Koma taganizani bwino za mfuti yomwe siingalire, kapena yomwe ingalire mosadziwika. Kwa munthu wolungama ilibe ntchito. Ukaitulutsa pamaso pa mbava zitatu za zikwanje, uyenera kukhala wotsimikiza kuti ilira, apo ayi wangowapatsa chifukwa chokutemera, n'kutenganso mfutiyo. Ukaitulutsa pamaso pa mbava yokhala ndi mfuti yeniyeni, wadziitanira chipolopolo. Ikalira n'kupha munthu, ukafotokoza bwanji kukhoti za chida chopanda chiphaso? Mbali zonse waluza.

Kwa wakuba ndiye zosiyana. Wakuba safuna kuti ilire. Amangofuna ioneke. Mtsikana wa pa benchi ya Mpamba akaona mpope wamuloza pamphumi safunsa kuti kodi achimwene, imeneyi ndi .455 kapena .38, nanga zipolopolo munazipeza? Amapereka chikwama. N'chifukwa chake timamva za anthu ogwidwa akuba ndi mfuti zoseweretsa ana. Ndiye onani mmene zinthu zakhalira: kachitsulo komwe kwa mwini nyumba ndi kakufa, kwa mbava ndi kamoyo bwinobwino, kopanda kukonza, kopanda chipolopolo. Munthu yekhayo amene angakupatse ndalama pa revolver ya agogo kuno ndi ameneyo. Ukamva wina akuti "ndigulitse, ndimangokonda zinthu zakale", dziwa kuti ku Mchinji kulibe anthu osunga zakale a mtundu umenewo. Ndipo akadzagwidwa, funso loyamba ku polisi ndi loti anaitenga kwa ndani. Kuba moopseza ndi chida ndi mlandu womwe chilango chake chimatha kufika moyo wonse kundende, ndipo dzina lako lidzakhala mufayilo imeneyo. Izi ndi ngati wafika ku polisi. Tonse taonapo mavidiyo a zomwe gulu la anthu olusa limachita likagwira munthu ndi mfuti pamsika. Palibe amene amayamba wayeza ngati ili ndi dzimbiri.

Pali enanso anzeru zachangu amene amati tingopita nayo ku Chipata, kumeneko zinthu sizisowa. Kuchokera pa Boma kufika pachipata cha Mwami ndi makilomita ochepa, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2022, pomwe a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsekulira chipata chatsopano chija, maofesi a maiko awiriwa amagwirira ntchito pamodzi. Inde, tonse tikudziwa kuti malire athu ndi mzere wa pamapu chabe. Pali midzi yomwe munda uli ku Zambia nyumba ili ku Malawi, maliro timayenderana, Kulamba ku Mkaika timapita, njira zachidule zodutsa feteleza, shuga ndi chimanga aliyense amazidziwa. Koma thumba la chimanga ukagwidwa nalo umataya chimanga. Mfuti ukagwidwa nayo tsidya lija wapalamula m'dziko la eni, kwinaku kwanu ukudikiridwanso. Maiko a SADC anasainirana pangano lothana ndi kuyenda kwa mfuti ndi zipolopolo mu August 2001, ndipo anasainira mu Blantyre momwemu. Komanso Webley yomwe yasowa zipangizo ku Birmingham siikazipeza pa Kapata Market.

Ndiye titani nayo? Apa ndi pomwe ndikuloza chala akuluakulu. Munthu wamba amaopa polisi, ndipo ali ndi zifukwa zake. M'mutu mwake muli chithunzi ichi: ndalowa pa kauntala ndi mfuti m'jumbo, ndanena kuti ndi ya malemu agogo, wapolisi wandiyang'ana n'kunena kuti vula lamba ndi nsapato. Malinga chithunzi chimenecho chili m'mitu ya anthu, mfuti zizikhalabe m'mathiranki, m'madenga ndi m'nkhokwe, kudikira mdzukulu wosamva kapena wakuba wothyola nyumba. Ena amaponya m'chimbudzi chokumba, zomwe ndi zabwinoko kuposa kugulitsa, koma zikungosonyeza kuti anthu akukhulupirira dzenje kuposa boma.

Chonsecho njira ilipo kale papepala. Mu 2017 bungwe la African Union linagwirizana kuti mwezi wa September chaka chilichonse ukhale mwezi wa chikhululuko, woti aliyense wosunga mfuti popanda chilolezo akaipereke osamangidwa, osazengedwa mlandu, ndipo dongosololi analitalikitsa mpaka 2030. Malawi ndi membala. Koma inu a pa Waliranji, a ku Ludzi, a kwa Mkanda, ndi liti munamvapo chimkuzamawu chikuzungulira mu September kulengeza zimenezi, monga chimazungulira pa katemera kapena pa kalembera wa mavoti? Ine September amandipeza ndi kundisiya ndisanamve kanthu. Chikhululuko chomwe wokhululukidwayo sanachimve ndi cha m'mafayilo a ku Addis Ababa basi.

Anzathu anayesapo, ndipo si kutali. Ku Mozambique, mu 1995, bungwe la mipingo yachikhristu motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican linayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi zipangizo: ubweretse mfuti, utenge khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Anazindikira kuti munthu amene akuopa yunifolomu saopa abusa ake. Mfutizo ankazidula, ndipo amisiri a ku Maputo anawotcherera zidutswazo n'kupanga zosema. Chimodzi, mtengo wopangidwa ndi mfuti zokhazokha, chinakafika ku British Museum mu 2005. Ku South Africa, komwe abale athu ambiri ali, boma linatsekulapo nyengo za chikhululuko mu 2005, mu 2010, komanso kuyambira kumapeto kwa 2019, masiku ake olengezedwa poyera, aliyense akudziwa poyambira ndi pothera.

Kuno sitikufunika ndalama za ma dona kuti tiyambe. Tili ndi mafumu: a Mlonyeni, a Zulu, a Mkanda, a Mavwere, a Dambe ndi ena, omwe mawu awo amafika pomwe galimoto ya polisi siifika. Tili ndi makomiti a chitetezo cha m'mudzi, mipingo, mizikiti, ndi wailesi za m'dera. Chofunika n'choti akuluakulu a polisi anene poyera, pawailesi, m'Chichewa chomveka, kuti kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti wobweretsa mfuti yakale kudzera kwa mfumu yake samangidwa. Patsikulo pakhale mfumu, wapolisi ndi mboni ya mpingo. Wopereka alandire kalata yokhala ndi chidindo ndi nambala ya mfutiyo. Kalatayo ndi yofunika mbali ziwiri: imateteza banja, komanso imatseka mpata woti mfuti yomwe yaperekedwa Lolemba ipezeke ili m'manja mwa munthu wina Loweruka. Pamapeto pake zidulidwe anthu akuona, pabwalo, osati kungomva kuti zinapita ku Area 30. Makhansala athu amene amakonda kujambulitsa pa mijigo, nayi nkhani yoti mukaitule ku khonsolo isanafike September.

Ndipo sizonse zoyenera kudulidwa. Webley yomwe inayenda ndi KAR ndi mbiri ya dziko lino. Itaphedwa bwinobwino kuti isadzalirenso, malo ake ndi m'galasi, pambali pa chithunzi cha mwini wake ndi mamendulo ake, monga zinthu zakale zimakhalira ku Chichiri Museum ku Blantyre. Ana a sukulu za kuno amaloweza dzina loti Fort Manning kuti akhoze mayeso, koma alibe poti akaone ndi maso chinthu chimodzi cha nthawi imeneyo.

Pakadali pano, ngati kwanu kuli thiranki lotere, musaiyese, musaitsuke, musayese kutulutsa zipolopolo zomwe zakakamira, ndipo musainyamule m'chikwama pa minibasi kupita nayo ku polisi, chifukwa pa rodibuloko nkhani yoti "ndimakapereka" aliyense amanena yomweyo. Isiyeni pomwe ili, mutseke ndi loko ana asafikepo, akuluakulu a banja apite kwa nyakwawa, ndipo nyakwawayo ndi amene aperekeze mmodzi wa inu kukauza apolisi kuti abwere adzaitenge okha, mboni zilipo. Asanainyamule, pemphani kuti mujambule zolembedwa pa chitsulocho. Pambali pake pamakhala dzina la kampani ndi nambala, pa zambiri za asilikali pamakhalanso chaka, ndi kachizindikiro ka mizere itatu yokumana pamwamba konga phazi la nkhuku, kosonyeza kuti inali katundu wa boma la Britain. Chithunzicho mukachisunge pamodzi ndi cha agogo. Pa status ya WhatsApp ayi.